Phunziro 14: Mau a Cingerezi othera ndi -ight

Mau a banja limodzi

Mu Cinyanja muli mau ambiri amene amathera mofanana. Ena mwa iwo ndi awa: cala, njala, phala, mwala, khala. Onsewa athera ndi -ala, ndipo pochula amamveka ngati ana a nyumba imodzi. Koma mwana amene ali ndi njala sapempha mwala. Iye amapempha phala. Malembo a kumayambiriro ndiwo amasiyanitsa liu lina ndi linzake.

Cingerezi naco cili ndi mabanja a mau otere. Banja limodzi ndi la mau othera ndi malembo anai awa: i, g, h, t. Mau a banja limeneli amapezeka pa mabotolo a mankhwala, pa zikwangwani za pamseu, pa kadi la mwana la ku sikelo ndi pa mapepala a mayeso. Kalembedwe kake ndi kofanana, koma matanthauzo ake ndi osiyana kutali.

Werengani nkhani iyi

*Kabotolo ka ambuya*

Pamudzi wina pafupi ndi Katete panali ambuya amene anali kukhala ndi adzukulu awo awiri. Wamkulu anali mnyamata wa Giredi 6. Wamng'ono anali mtsikana wa Giredi 5.

Tsiku lina ambuya anabwera kucokera ku kiliniki ndi kabotolo ka mapilisi. Anesi anali atawauza kamwedwe kake, koma pa kiliniki panali phokoso la ana olira. Ndiponso makutu a ambuya sanali kumva bwino. Atafika pakhomo anakhala pamphasa ndi kuitana adzukulu awo.

"Bwerani kuno inu a kusukulu. Ati ciani apa? Ine Cizungu cinanipita."

Pa kabotolo panali mizere inai:

Take one tablet at night.
Keep away from light.
Keep the lid tight.
Keep out of the sight and reach of children.

Mnyamata anali ndi mpira m'khwapa. Anzake anali kumuyembekezera ku bwalo. Anatenga kabotolo, naponya diso kamodzi cabe.

"Ivi ni vapafupi, ambuya. Ati muzimwa pilisi imodzi kukawala. Light ni kuwala. Mzere waciwiri ati osamwa usiku. Basi, ine napita."

"Yembekezani, acimwene," anatero mtsikana. "Mwasinthanitsa. Liu la pamzere woyamba layamba na n. La pamzere waciwiri ndilo layamba na l."

"Ah, iwe! Si yonse yathera cimodzimodzi? Ufuna kuniphunzitsa ine wa Giredi 6?"

Mtsikana sanayankhe. Anatola kamtengo ndi kulemba pansi mau awiri, lina pamwamba, lina pansi pake: night, light. Kenaka anaphimba malembo anai a kumapeto ndi dzanja lake. Panatsala n ndi l.

"Onani, ambuya. Ili ni usiku. Ili ni kuwala. Mapilisi muzimwa usiku. Kabotolo ndiko kasamakhale poyera dzuwa."

Ambuya anayang'ana mdzukulu uyu, nayang'ananso uyo. Anagwedeza mutu.

"Wina ati m'mawa, wina ati usiku. Mankhwala si ndiwo zakuti munthu alaweko aone ngati mcere wakwana. Safunsa anadya phula. Tiyeni kwa a zaumoyo."

Anapita onse atatu kwa bambo wina amene anali kuthandiza anthu pa zaumoyo m'mudzimo. Bamboyo anabvala magalasi ake ndi kuwerenga pang'onopang'ono, cala cake cikutsata liu lililonse.

"Mtsikanayu wawerenga bwino," anatero. "Mapilisi awa amabweretsa tulo, ndiye cifukwa cake alemba night. Mukamwa m'mawa, tulo tingakugwireni muli pamoto kuphika, kapena muli pacitsime."

Ambuya anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndipo nenze nifuna kukaika pawindo kuti nisaiwale."

"Pawindo ai, amai. Mankhwala ena amatha mphamvu akakhala padzuwa. Mzere wacitatu ukuti cotsekera muzimanga zolimba. Wacinai ukuti muziika pamene ana sangaone ndiponso sangafikire."

Pobwerera kunyumba mnyamata anali cete. Mpira unali utatha kale ku bwalo. Atafika anapempha kabotolo kaja. Anakhala pansi, naika cala pa lembo loyamba la liu lililonse, nawerenga mizere yonse inai mokweza.

"Night, light, tight, sight," anatero. "Kansi ni anai osiyana."

"Kuthamanga si kufika, mdzukulu wanga," anatero ambuya. Anamanga cotsekera zolimba ndi kuika kabotolo m'citini, pamwamba pa kabati.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi n'cifukwa ciani ambuya sanamve bwino zimene anesi ananena?
2. Chulani mau awiri amene mnyamata anasinthanitsa.
3. Kodi mtsikana anacita ciani kuti aonetse kusiyana kwa mau awiriwo?
4. Cikanacitika n'ciani ambuya akanamwa pilisi m'mawa?
5. N'cifukwa ciani ambuya anapita kukafunsa, ngakhale kuti mtsikana anali atawerenga bwino?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "safunsa anadya phula".

Kachulidwe kake

M'mau a banja ili, malembo atatu i, g ndi h amagwirira nchito pamodzi. Amapanga mvekero limodzi lakuti ai, monga m'liu lakuti amai. Malembo g ndi h samveka konse. Conco light amachulidwa ngati lait, ndipo night amachulidwa ngati nait.

Ana ambiri amawadziwa kale mau awiriwa osazindikira. Magetsi akazima anthu amati, "Malaiti apita." Liu lakuti malaiti linacokera ku light. Mlonda kapena nesi akagwira nchito usiku wonse amati, "Nenze pa naiti." Liu limenelo linacokera ku night.

Matanthauzo ake

night: usiku. Ana ake ndi tonight, usiku wa lero, ndi midnight, pakati pa usiku.

light: kuwala, kapena cinthu counikira monga nyale.

right: kumanja.

tight: cothina, kapena comangika zolimba. Nsapato yothina ndi "a tight shoe".

sight: kupenya, mphamvu ya maso yoonera zinthu. Cinthu cikakhala "out of sight" ndiye kuti cili posaoneka.

bright: cowala kwambiri, monga dzuwa la mu Okutobala. Mwana wogwira msanga maphunziro amachedwanso "a bright child".

fight: ndeu, kumenyana. Nkhonya za pa masewera nazo ndi fight. Liu limeneli linalembedwa m'manyuzipepala pamene Catherine Phiri anapambana lamba wa nkhonya wa WBC ku Mexico mu 2016. Koma fight si ndeu ya manja yokha. "Fight malaria" atanthauza kulimbana ndi malungo, monga pogona m'neti.

fright: mantha obwera mwadzidzidzi, monga a munthu amene waona njoka panjira.

flight: kuuluka, kapena ulendo wa pandege. Liu ili limaoneka pa zikwangwani za pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda mu Lusaka ndi la ku Mfuwe.

might: mwina. Mlimi akaona mitambo yakuda angati, "It might rain today," kutanthauza kuti mwina mvula igwa lero.

Mau atatu awa, fight, fright ndi flight, afunika diso lakuthwa. Onse ayamba ndi f ndipo athera ndi -ight. Cosiyanitsa ndi lembo limodzi la pakati. Popanda lembo lina ndi ndeu. Pakalowa r ndi mantha. Pakalowa l ndi ulendo wa pandege. Wochula ayenera kumveketsa bwino r ndi l, pakuti mu Cingerezi malembo awiriwa amasintha tanthauzo. Mu Cinyanja wina akati kulila, wina akati kulira, onse amamvana. Mu Cingerezi light ndi right ndi mau awiri osiyana.

Liu limodzi, matanthauzo angapo

Mu Cinyanja liu lakuti mtengo lili ndi matanthauzo awiri. Pali mtengo wa mango, palinso mtengo wa shuga pa sitolo. Womva amadziwa mtengo umene ukunenedwa pomvetsera mau ena a m'ciganizo. Mau akuti light ndi right ali cimodzimodzi.

Light ali ndi matanthauzo atatu odziwika:

1. Kuwala. "Keep away from light." Sungani posafika kuwala.
2. Copepuka. "This bag is light." Thumba ili ndi lopepuka.
3. Kuyatsa. "Light the fire." Yatsa moto.

Right nayenso ali ndi atatu:

1. Kumanja. "Look right." Yang'ana kumanja.
2. Colondola. "Your answer is right." Yankho lako ndi lolondola.
3. Ufulu. "Every child has a right to learn." Mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira.

Tanthauzo loyamba la right limasunga moyo. Mu Zambia magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu. Conco mwana akaima m'mbali kuti aoloke, galimoto ya pafupi naye imacokera kumanja kwake. Ndiye cifukwa cake ana amaphunzitsidwa kuti, "Look right, look left, look right again." Ayambe wayang'ana kumanja, kenaka kumanzere, kenaka kumanjanso. Pa mseu waukulu wa Great East, wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, mabasi ndi mathiraki amathamanga kwambiri. Mwana wa kumeneko ayenera kudziwa right popanda kuima kuti aganize.

Alendo m'banja

Pali mau ena amene athera ndi -ight, koma patsogolo pa i pali vawelo ina. Amaoneka ngati a m'banja, koma ambiri a iwo amachulidwa mosiyana.

eight: 8, zisanu ndi zitatu. Amachulidwa ngati eit.

weight: kulemera. Amachulidwa ngati weit.

straight: coongoka, cosakhota. Pakati pake pamamveka ei.

height: kutalika kucokera pansi kufika pamwamba, monga msinkhu wa munthu. Amachulidwa ngati hait.

Mau awiri, weight ndi height, amakhala pafupi pa zolembedwa za ku sikelo ya ana. Asiyana pa lembo loyamba lokha, w ndi h. Komabe samveka mofanana. Weight amamveka ngati eight, pamene height amamveka ngati light. Matanthauzo nawo ndi osiyana. Weight amapimidwa pa sikelo, m'makilogalamu. Height amapimidwa ndi thabwa kapena tepi, m'masentimita. Mai akamva anesi akuti weight ya mwana siikukwera, ndiye kuti mwanayo sakuonjezera kulemera, ndipo afunika kumuona bwino pa kadyedwe ndi pa umoyo wake.

Nanga g ndi h afuna ciani pamenepo?

Ana ambiri amafunsa kuti, "Ngati malembo awa samveka, analembedweranji?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lilipo.

Kalekale, zaka zoposa 600 zapitazo, anthu a ku England anali kuwachula malembo amenewa. Linali mvekero la mpweya wokhulika m'kamwa. Pang'onopang'ono anthu analeka kulichula m'mau awa. Mu 1476 William Caxton anayamba kusindikiza mabuku ndi makina ku Westminster, m'dziko la England. Mabuku atacuruka, kalembedwe ka mau kanayamba kukhazikika. Kachulidwe kanapitiriza kusintha, koma malembo anatsala pa pepala. Ali ngati citsa m'munda: mtengo unagwa kale, koma citsa cionetsa pamene unali.

Cinenero ca ku Germany ndi cibale ca Cingerezi, ndipo ico cikali kuchula mvekero limenelo. Kumeneko usiku ndi Nacht, kuwala ndi Licht, ndipo 8 ndi acht.

Apa ndi pamene Cingerezi cisiyana ndi Cinyanja. Cinyanja cili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo iliyonse imamveka monga ilembedwera. Cingerezi cili ndi malembo 26, koma mamvekero ake ndi pafupifupi 44. Conco malembo ena amagwirizana awiri kapena atatu kuti apange mvekero limodzi. Mwana amene amawerenga bwino Cinyanja ali kale ndi cida cacikulu, pakuti anazolowera kuyang'ana lembo lililonse. Cimene aonjezera mu Cingerezi ndi kudziwa mabanja a mau.

Omveka mofanana, olembedwa mosiyana

Bvuto lina limabwera pa nthawi yolemba mau oyitanira. Pali mau amene khutu limamva ngati liu limodzi, koma diso limaona awiri.

right ndi write: loyamba ndi kumanja kapena colondola, laciwiri ndi kulemba.

sight ndi site: loyamba ndi kupenya, laciwiri ndi malo, monga pamene akumangapo nyumba.

weight ndi wait: loyamba ndi kulemera, laciwiri ndi kuyembekezera.

Aphunzitsi akati, "Write the right answer," anena kuti lembani yankho lolondola. Mau onse awiri ali m'ciganizo cimodzi. Wolemba amasankha kalembedwe poganizira tanthauzo, osati pomvera khutu lokha.

Njira zinai za wowerenga wosamala

1. Amayamba ndi malembo a kumayambiriro. Amaphimba -ight ndi cala ndi kuona cimene catsala.
2. Amaona ngati patsogolo pa i pali e kapena a. Ngati alipo, amadziwa kuti liulo ndi mlendo.
3. Amawerenga ciganizo conse mpaka kumapeto, pakuti mau oyandikana nalo ndiwo amaonetsa tanthauzo.
4. Akakaika amatsegula dikishonale kapena amafunsa. Pa nkhani ya mankhwala, mwana angathandize kuwerenga, koma wotsimikiza ndi nesi, dokotala kapena wa zaumoyo. Mwana sapatsa munthu mankhwala pa yekha.

Nchito 1

Lembani m'mabuku anu. Gwirizanitsani liu la Cingerezi ndi tanthauzo lake.

Mau: night, tight, fright, flight, sight, might, weight, height

Matanthauzo: mwina, kulemera, usiku, ulendo wa pandege, cothina, kupenya, mantha, kutalika kwa msinkhu

Nchito 2

Sankhani liu loyenera pa mau awiri amene ali kumapeto kwa ciganizo.

1. We sleep at ______. light / night
2. My shoes are too ______. tight / sight
3. The snake gave me a ______. flight / fright
4. The sun is very ______. bright / right
5. The nurse checks the baby's ______ on the scale. height / weight
6. It ______ rain tonight. fight / might
7. Please ______ your name here. right / write
8. A spider has ______ legs. eight / light

Nchito 3

Kodi liu lakuti light kapena right litanthauza ciani m'ciganizo ciliconse? Lembani yankho mu Cinyanja.

1. A feather is light.
2. Mother will light the lamp.
3. Switch off the light.
4. Turn right at the market.
5. Two and six make eight. That is right.
6. Girls have a right to go to school.

Nchito 4

Mumzere uliwonse muli liu limodzi limene limveka mosiyana ndi anzake. Chulani mau onse mokweza, kenaka lembani losiyanalo.

1. light, night, eight, tight
2. weight, height, eight, straight
3. bright, fight, height, weight

Nchito 5: Awiriawiri

Dulani timapepala. Pa kapepala kamodzi lembani ight. Pa tina lembani n, l, r, t, s, f, m, br, fl ndi fr. Mmodzi aike kapepala patsogolo pa ight. Mnzake achule liu limene lapangika ndi kunena tanthauzo lake mu Cinyanja. Akalondola, atenge kapepalako. Akaphonya, kabwerere pansi. Sinthanani mpaka timapepala tonse titatha.

Nchito 6

Mulembereni mnzanu amene sanabwere kusukulu ziganizo zinai za mu Cinyanja. Mufotokozereni tanthauzo la mzere uliwonse wa pa kabotolo ka ambuya.

Nchito ya kunyumba

Funani mau atatu othera ndi -ight pa mapaketi, pa matumba, pa zikwangwani kapena m'nyuzipepala. Lembani liu lililonse, pamene mwalipeza ndi tanthauzo lake. Ngati mufuna kuwerenga pa botolo la mankhwala, pemphani makolo kuti akugwirireni okha. Mawa mudzawerengera anzanu m'kalasi.